Kontena Yathunthu ndi Kontena Yogaŵana

Dziko la Malaŵi lilibe doko la panyanja ya mchere, kotero katundu wochokera ku Guangzhou kapena ku Dubai amayamba watsitsidwa pa madoko a eni, monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, asanayambe ulendo wa pamtunda. Wamalonda woitanitsa katundu kutali chotere ali ndi njira ziŵiri: kulipira kontena yathunthu, kapena kugaŵana kontena imodzi ndi anthu osawadziŵa.

Kontena ya mafiti 20 imaloŵa katundu wokwana makyubiki mita pafupifupi 33. Woilipira yonse amaitsekera kufakitale komweko, ndipo mtengo wake ndi umodzi, kaya yadzaza kaya ili theka. Koma mayi wogulitsa nsapato ku Limbe, amene mpamba wake ungogula makatoni makumi aŵiri, sangaithe. Iyeyu amalipira danga lokhalo limene makatoni ake atenga, poŵerengera kukula kapena kulemera kwake, chimene chaposa chinzake.

Papepala njira yachiŵiriyi imaoneka yotsika mtengo, koma ululu wake uli pa nthaŵi. Katundu amayamba wagona m'nyumba yosungiramo, kudikira kuti wa ena apezeke. Akafika, kontena imapasulidwa kuti aliyense alandire zake, ndipo kupakira ndi kupakula konseku kuli ndi malipiro ake. Choŵaŵa koposa nchakuti mmodzi akanamiza akasitomu pa zimene wanyamula, kontena yonse ikhoza kugwidwa, osalakwa nkumadikira pamodzi ndi wolakwayo.

Kudikira kotere si nkhani yamaseŵera m'dziko muno. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Popeza msonkho wa kasitomu umaŵerengedwa m'makwacha potsata mtengo wa dola pa nthaŵi yoombola katundu, amene katundu wake anachedwa nkudutsa tsiku limenelo anapeza msonkho utakwera pa nsapato zomwezo.

Odziŵa ntchitoyi amati katundu akafika cha m'makyubiki mita 15, nkwabwino kungotenga kontena yonse. Uphungu wake ngwanzeru ndithu, koma umayenera munthu amene banki yampatsa madola okwanira, ndipo otero akhala oŵerengeka m'zaka za kusoŵa kwa ndalama zakunja. Nchifukwa chake amalonda ena ang'onoang'ono odziŵana amasonkherana nkutenga kontena yathunthu m'dzina la mmodzi, ngakhale pamenepo mwini dzinalo ndiye amasenza mlandu wonse akasitomu akafunsa.