Ku Sevilla, nkhomaliro ya 2 koloko si ulesi

Mlendo wochokera ku Lilongwe akafika ku Sevilla, kummwera kwa Spain, m'mwezi wa June, safunika kusintha wotchi yake, chifukwa m'nyengo yotentha nthawi ya kumeneko imafanana ndi ya ku Malawi. Dzuwa lokha ndi lomwe limakana kugwirizana. Ku Lilongwe limalowa 6 koloko isanakwane, pomwe ku Sevilla 9 koloko ya usiku imakwana kunja kudakali koyera, ana akuthamangitsana pabwalo, agogo awo ali pabenchi kukupiza nkhope.

Zokaona zotchuka zilipo ndithu. Nsanja ya Giralda inamalizidwa mu 1198 ngati nsanja ya mzikiti, pa nthawi yomwe Asilamu ankalamulira mzindawu, ndipo lero ndi nsanja ya mabelu ya tchalitchi chachikulu chomwe muli manda a Christopher Columbus. Pokwera pamwamba pake munthu sayenda pa masitepe koma pa njira yotsetsereka yokhotakhota. Palinso nyumba yachifumu ya Alcázar ndi bwalo la Plaza de España lomwe linamangidwira chionetsero cha mu 1929. Zonsezi munthu wochangamuka amazimaliza pa masiku awiri.

Chomwe chimavuta alendo ambiri ndi mimba. Akalowa mulesitanti 12 koloko masana amapeza mipando ili mbee, ophika asanayatse n'komwe moto. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 9 kapena 10 usiku. Masitolo ang'onoang'ono amatseka cha m'ma 2 koloko n'kudzatsegulanso cha m'ma 5. Apa ndi pomwe ena amafulumira kuweruza kuti anthu a kuno ndi aulesi, amangokonda kugona masana.

Chiweruzo chimenechi n'cholakwika. Mzinda wa Sevilla uli kumadzulo kuposa London, choncho mwachilengedwe wotchi yake siyenera kutsogola kuposa ya ku Britain. Koma mu 1940 boma la Francisco Franco linakankhira nthawi patsogolo ndi ola limodzi kuti ifanane ndi ya maiko a pakati pa Ulaya, ndipo sinabwezedwenso. Mukaonjezapo ola lina lomwe amatsogoza m'nyengo yotentha, dzuwa limafika paliwombo itadutsa kale 2 koloko. Ndiye kuti munthu wa ku Sevilla amadya nkhomaliro dzuwa lili pamutu, monga amachitira mlimi wa ku Dedza. Nambala ya pawotchi yokha ndi yomwe inasokonekera.

Kutentha nakonso si kwamasewera. Mu July ndi August masiku ena kumapyola madigiri 40, moti pa msewu wa masitolo wa Calle Sierpes amakunga nsalu zikuluzikulu kuchokera denga lina kufika denga lina kuti oyenda pansi apeze mthunzi. Wogulitsa nsapato yemwe angatsegule sitolo 3 koloko masana angokhala yekha ndi ntchentche. Komabe si onse amagona masana. Ogwira ntchito m'maofesi ambiri sapeza mpata umenewo, masitolo akuluakulu ngati El Corte Inglés satseka, ndipo eni dziko okha amatsutsana ngati kuweruka mochedwa chonchi sikuwalanda tulo ndi nthawi yocheza ndi ana.

Mlendo akavomera kuyendera wotchi imeneyi amayamba kuona zomwe mabasi a alendo sakuonetsa. Ku El Rinconcillo, malo omwera ndi kudyera omwe anayamba mu 1670, anthu amadya chiimire timbale tating'ono totchedwa tapas, monga sipinachi wophika ndi nchana. Woperekera zakudya salemba bilu papepala. Amatenga choko n'kulemba mitengo pa kauntala yathabwa pomwe kasitomala waimapo, ndipo akalipira amafufuta ndi kansanza.

Ku msika wa Triana, kutsidya kwa mtsinje wa Guadalquivir, ogula nsomba saima pamzere wooneka ndi maso. Wofika kumene amafunsa mokweza kuti womaliza ndani, wina n'kuyankha kuti ndi iye, basi aliyense wadziwa malo ake. Mlendo wosadziwa mwambowu amayesa kuti ndi chipwirikiti, n'kulumphira kutsogolo, ndipo amayi achikulire amamudzudzula pomwepo mosabisa mawu.

Moni nawonso amadzidzimutsa. Mkazi ndi mwamuna ongodziwitsidwa kumene pa macheza amagundanitsa masaya kawiri, chinthu chomwe kwa munthu wozolowera kupereka dzanja atagwira chigongono chimafuna kulimba mtima. Ndipo malalanje omwe adzaza m'mitengo ya m'mbali mwa misewu m'nyengo yozizira asanamize munthu. Palibe amawathyola kuti adye chifukwa ndi owawa zedi. Mtundu umenewu ndi womwe anthu a ku Britain amapangira jamu wawo wa mamaledi.