Kalata yotseguka kwa Vice-Chancellor wa University of Zambia

Olemekezeka a Vice-Chancellor,

Ndikupempha kuti ophunzira anu a zaumoyo ndi a zamigodi azidzachita kafukufuku wawo kuno ku Shimabala, ndipo zimene apeza aziyamba kuuza eni dera asanazitumize ku magazini a kunja. Apaulendo amangodziwa Shimabala chifukwa cha geti yolipirira pa msewu wa Lusaka ndi Kafue, koma kuseri kwa msewuwo kuli mabanja okhala pafupi ndi makwale a miyala ya laimu. Amapuma fumbi lake, amamwa madzi a pa zitsime ndi mijigo. Mwana akamatsokomola kosalekeza, mayi angathe kungokayikira fumbilo. Wotsimikizira ndi munthu wa labotale, ndipo malabotalewo ali m'manja mwanu.

Yunivesite yanu idaonetsa kale kuti ntchitoyi imaitha. Mgodi wa ku Kabwe udatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka zambiri akatswiri a sukulu yanu ya zachipatala cha ziweto, pamodzi ndi anzawo a Hokkaido University, adayeza magazi a anthu kumeneko n'kupeza mtovu wochuluka mwa ana. Nkhani ya madzi nayo ndi yofunika changu. Kolera imene idabuka mu Okutobala 2023 idapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo n'zodziwika kuti thanthwe la laimu limakhala ndi ming'alu yolowetsa zoipa za m'zimbudzi m'madzi a pansi. Nanga tidikire maliro kuti tiyeze zitsime?

Mudzati ndalama palibe, yunivesite ili ndi ngongole. N'zoona, koma ophunzira a chaka chomaliza amalemba kale kafukufuku kuti amalize maphunziro, ndipo ulendo wa pa minibasi kuchokera ku Lusaka ndi waufupi kwambiri poyerekeza ndi wa ku Kabwe. Chofunika n'kuwalozera kuno basi. Ena adzati zotsatira zingaopseze anthu kapena kukwiyitsa eni makwale. Mantha alipo kale, ndipo amakula chifukwa chosadziwa. Fumbi likapezeka kuti silikupyola muyezo, kampani ipindula. Likapyola, bungwe loona za chilengedwe la ZEMA lipeza poyambira. Chimene sindingavomereze n'chakuti munthu apereke makhololo ndi madzi a pachitsime chake, wophunzira alandire digiri, mwini wakeyo osamva kanthu.

Chonde lamulani kuti kafukufuku aliyense wochitika kuno azithera pa msonkhano wa mafumu, azaumoyo ndi anthu a m'mudzi, zotsatira zikufotokozedwa m'chilankhulo chimene iwo amamva.

Ine wanu,
Nzika ya ku Shimabala