ZA M'NYUMBA MWATHU: Cimbale Cikakana Kuimba

Kwaya ya kwathu inasonkha ndalama kwa miyezi yambili kuti ijambule nyimbo za Misa ndi za Amai Maria. Mnyamata wina wodziwa kompyuta anaziika pa zimbale, ndipo a mumphakati anatengelako cimodzi agogo ena ofooka miyendo, amene sathanso kufika ku chalichi. Ataciika m'wailesi yao yakale, cimbale cinangozungulila kanthawi n'kukhala cete. Agogo anati wailesi yafa. Ena ananong'ona kuti mnyamata wadya ndalama. Koma wailesi inali yamoyo, ndipo mnyamata analibe mlandu. Olakwa tinali ife amene sitinafunse, pakuti safunsa anadya phula.

Abale, zimbale zimafanana nkhope koma sizilankhula cinenelo cimodzi. Cimbale ca nyimbo ceniceni, cochedwa Audio CD, cimatsata lamulo limene makampani a Philips ndi Sony anapangana mu 1980, ndipo makina oyamba ociimba anagulitsidwa ku Japan mu 1982. Cimanyamula mphindi 74 kapena 80, ndipo nyimbo zake sizipitilila 99. Ici ndico cinenelo cimene wailesi iliyonse ya CD imamva.

Mnyamata wathu, pofuna kutipulumutsila ndalama, anaika nyimbo monga mafayilo a MP3. Nzelu inalipo, cifukwa MP3 imapanikiza nyimbo kotelo kuti cimbale cimodzi cikhoza kunyamula maola 10 kapena kuposa. Koma wailesi imawelenga MP3 pokhapokha ngati inapangidwila zimenezo, ndipo kawilikawili cizindikilo cake cimalembedwa kutsogolo kwake kapena m'kabuku kake. Ya agogo inalibe. Ngakhale wailesi yomva MP3 ikhoza kukana mafayilo a mtundu wina, monga WMA, AAC, kapena mau amene timatumizilana pa WhatsApp. Kusintha dzina la fayilo kuti lithele ndi mp3 sikuthandiza. Kuli ngati kulemba kuti shuga pa thumba la mcele. Fayilo iyenela kutembenuzidwa pa kompyuta.

Pogula zimbale zopanda kanthu tiyenelanso kupenyetsetsa. CD-R imalembedwa kamodzi kokha, ndipo mawailesi ambili amailandila. CD-RW, imene inabwela mu 1997, imafafanizika ndi kulembedwanso, koma sibweza kuwala kokwanila, motelo diso la wailesi yakale limalephela kuiona. DVD ingakwane bwino pamalo pake, koma wailesi ya CD siingaiwelenge, pakuti imafuna kuwala kwa mtundu wina. Cinanso cimene ambili timaiwala ndi kutseka cimbale tikatha kujambula. Pa kompyuta pali lamulo lochedwa Finalize. Cimbale cosatsekedwa cingaimbe pa kompyuta imene inacilemba, n'kukana kunyumba.

Tsono tikafuna kuti nyimbo zifike m'nyumba iliyonse, njila yodalilika ndi iyi: tisankhe Audio CD, tilembe pa CD-R mosathamanga, titseke, ndipo tiyese cimbale cimodzi pa wailesi yakale koposa imene tingaipeze tisanajambule zina zonse. Cikadetsedwa, ticipukute ndi kansalu kofewa kucokela pakati kupita kumphepete, ndipo tisacisiye padzuwa.

Pali mau amodzi otsala, okhudza cikumbumtima. Kudziwa kujambula sikutipatsa ufulu wotenga thukuta la ena. Kwaya ikagulitsa cimbale cake kuti igule ng'oma kapena ilipile ulendo, kucikopela anzathu popanda cilolezo ndi kuswa lamulo la 7 la Mulungu. Tigule, kapena tipemphe.

Tinabwelela kwa agogo ndi cimbale catsopano. Itamveka nyimbo yoyamba, anatseka maso n'kuyamba kuimba nawo ndi mau onjenjemela. Kwa mkristu wodwala, kacimbale kotele ndi khomo la chalichi lotsegukila pa mphasa yake. Tisalole kuti litsekeke cifukwa ca kusafunsa kwathu.