Titanic: mphamvu ya filimuyi ili m'kamangidwe ka nkhani

Filimu ya Titanic, yomwe James Cameron adatulutsa mu 1997, idapata mphoto 11 za Oscar mu 1998, koma pa gawo la kalembedwe ka nkhani sidatchulidwe n'komwe. Ena adati zonse zidatheka kaamba ka ndalama, madola 200 miliyoni, komanso chisitima chomwe adamanga ku Rosarito m'dziko la Mexico. Komabe filimuyi itabwereranso m'nyumba zoonetsera kanema mu 2023, anthu adakaionerabe, luso la makompyuta la nthawi imeneyo litakalamba kale.

Kumayambiriro kwenikweni, Rose ali nkhalamba amamuonetsa pakompyuta mmene sitimayo idamirira mu 1912: madzi kudzaza zipinda zakutsogolo, mbuyo kutukuka, thunthu kuthyoka pakati. Choncho ngozi ikafika woonera safunanso womufotokozera, mtima wake umangokhala pa anthu.

Chikondi cha Jack ndi Rose nacho chili ndi ntchito ina. Mnyamatayo ndi mmphawi wa m'kalasi yachitatu, mtsikanayo ndi wa m'kalasi yoyamba ndipo adatomeredwa kale. Pofunana, awiriwa amayendetsa woonera m'sitima monse: kodyera anthu olemera, kumagule a osauka m'zipinda zapansi, kosonkhezera malasha, mpaka kosungira katundu. Pamene sitima ikuwomba chimwala cha madzi oundana, chapakatikati pa filimu ya maola atatu ndi mphindi 14, woonera amakhala atadziwa kale mtunda womwe wosauka ayenera kukwera kuti akapeze bwato. Sitimayo idali ndi mabwato 20 okha pa anthu oposa 2,200, ndipo kuperewera kumeneku kumatuluka m'macheza wamba a Rose ndi mmisiri Thomas Andrews, nyanja idakali bata.

Pomwe Cameron adaphonya ndi pa William Murdoch, mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa sitimayo, yemwe adali munthu weniweni. Filimuyi imamuonetsa akulandira chiphuphu, kuwombera anthu kenaka kudzipha, pomwe umboni wotsimikizika wa izi palibe. Achibale ake ndi anthu a kwawo ku Dalbeattie, ku Scotland, adadandaula, ndipo mu 1998 mkulu wina wa kampani ya 20th Century Fox adapita komweko kukapereka mapaundi 5,000 ku thumba la chikumbutso cha malemuwo.