BOMA LA BWANA TRUMP NDI DZIKO LA CHINA: ZIMENE CHAKA CHA 2025 CHINAONETSA

Pamene Bwana Donald Trump analumbira kachiwiri kukhala Pulezidenti wa dziko la America pa 20 Januwale 2025, maiko onse anatchera khutu kuti amve m'mene Boma latsopanolo lidzakhalire ndi dziko la China, pakuti akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Chizindikiro choyamba chinali chowawa. Amene anasankhidwa kukhala Nduna Yoona za Kunja ndiye Bwana Marco Rubio, munthu amene Boma la China linampatsa chilango m'chaka cha 2020 chifukwa cha kulidzudzula kwake.

Gwero la mkangano ndilo malonda. M'chaka cha 2024 America inagula ku China katundu wa madola pafupifupi 439 biliyoni, pamene China inagula ku America katundu wa madola 143 biliyoni okha. Bwana Trump anaona kuti dziko lake likudyeredwa masuku pamutu, ndipo mankhwala amene anasankha ndiwo msonkho wa katundu wolowa m'dziko, poyembekeza kuti katundu wa ku China akadula, mafakitale adzabwerera ku America.

Tsono zinthu zinayenda mofulumira. M'mwezi wa Febuluwale anaika msonkho wa 10 pa 100 aliwonse, nanena kuti China ikulekerera mankhwala opangira fentanyl amene akupha anthu ambiri a ku America. M'Malichi msonkhowo unafika pa 20. M'Epulo maiko awiriwa anayamba kubwezerana, kufikira America inafika pa 145 ndipo China pa 125. Tanthauzo lake ndi lakuti wamalonda woitanitsa katundu wa madola 100 kuchokera ku China anayenera kupereka madola enanso 145 ku Boma. Pa mtengo wotere malonda sangayende konse.

Koma walira mvula walira matope. Akulu a ku Beijing anali atakonzekera chiyambire mkangano woyamba wa 2018, ndipo anali ndi zida ziwiri. Choyamba ndicho miyala ya m'migodi yotchedwa rare earths, imene amapangira maginito a m'magalimoto, m'mafoni ndi m'ndege zankhondo. Miyala 9 mwa 10 iliyonse ya mtundu umenewu imayengedwa ku China. Pa 4 Epulo China inalamula kuti mitundu 7 ya miyalayi isatuluke popanda chilolezo, ndipo posapita nthawi kampani ya Ford inaimitsa ntchito kwa sabata imodzi pa fakitale yake ya ku Chicago. Chida chachiwiri ndicho soya. China inaleka kugula soya wa ku America niyamba kudalira wa ku Brazil, ndipo amene anamva kuwawa ndiwo alimi a m'zigawo zimene zinavotera Bwana Trump.

Kotero pa 12 Meyi, atakambirana ku Geneva, nthumwi za mbali zonse zinalengeza kuti kwa masiku 90 msonkho wa America utsika kufika pa 30 ndipo wa China pa 10. Moto unabukanso m'Okutobala pamene China inaonjezera malamulo a miyala ija, ndipo Bwana Trump anaopseza ndi msonkho wina wa 100. Potsiriza, pa 30 Okutobala, iye ndi Pulezidenti Xi Jinping anakumana ku Busan m'dziko la South Korea. America inadula pakati msonkho wa fentanyl uja, ndipo China inavomera kuimika malamulo ake atsopanowo kwa chaka chimodzi ndi kuyambanso kugula soya.

Pamenepa pakuoneka kusiyana kwa mpikisano uno ndi uja wa America ndi Soviet Union. Maiko awiri aja sanali kugulana zambiri, kotero kuti wina akanatseka chitseko mnzake sakanagona ndi njala. America ndi China ndi opikisana amene amadyera m'mbale imodzi. America imatha kumana China tizipangizo tamphamvu ta makompyuta, monga inayambira kuchita m'Okutobala 2022 pansi pa Bwana Biden, koma China nayo imatha kuimitsa mafakitale a America. Chifukwa chake Boma limene linayamba chaka ndi mau oopseza linachitsiriza pa gome la zokambirana. Komabe chimene chinapangidwa ku Busan chinali kupumula chabe, pakuti nkhani zazikulu, monga ya chilumba cha Taiwan, sizinathetsedwe.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko la Malawi. Chiyambire Disembala 2007, pamene Malawi inasiya Taiwan ndi kupalana ubwenzi ndi Beijing, China yamanga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga kupita ku Chitipa. America nayo yathandiza kwa zaka zambiri pa mankhwala a ma ARV, koma Boma latsopanoli linaimika thandizo lakunja m'Januwale 2025 ndipo linatseka bungwe la USAID m'Julayi. Ndiponso miyala ija imene inagwedeza mafakitale a America ilipo ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe.

Motero alendo ofuna miyalayi adzachuluka, ndipo aliyense adzabwera ndi mau okoma. Ogwira ntchito za Boma amene adzawerenga mapangano a migodi ayenera kukumbukira zimene zinachitika m'chaka cha 2025: mphamvu ya China sinali pa kukumba kokha, koma pa kuyenga. Pangano limene lingotulutsa miyala yosayenga, losaphunzitsa ana a dziko lino luso lake, lidzasiya maenje ku Balaka pamene phindu likupita kutsidya la nyanja.