Asiyeni Apite, Nafenso Tinalandira Kwa Alendo

Pali funso limene limatigawa pa macheza athu a madzulo pano pa seminale. Ena amati n'kusaganiza bwino kuti mnyamata wa kuno ku Malawi, amene akhristu amusonkhera chimanga ndi nyemba zaka zonse za maphunziro ake, akangodzozedwa azinyamuka kukatumikira ku Kenya kapena ku South Sudan, pamene kuno wansembe mmodzi ali ndi matchalitchi ambiri oti ayendere ndipo akhristu ena amaona Misa kamodzi pa miyezi ingapo. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Komabe ine ndikuti wofuna kupita apite, ndipo tisamuone ngati wathawa ntchito.

Tiyambe takumbuka kumene Eklezia wathu anachokera. Azibambo Oyera anafika kwa Mponda ku Mangochi kumapeto kwa chaka cha 1889. Malungo anawazunza, ntchito sinayende, ndipo mu 1891 anachokako osasiya mpingo wokhazikika. Mu 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Bambo Bourget, Bambo Prezeau ndi Bambo Winnen, anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu. Kodi kwawo ntchito inali itatha? Iyayi. Anabwera chifukwa anaona kuti munthu amene sanamvepo Mthenga Wabwino ali pa njala yaikulu kuposa amene amaumva mwa apo ndi apo. Akanadikira kuti parishi iliyonse ya ku Ulaya ikhute kaye, sibwenzi Bambo Cornelio Chitsulo atadzozedwa unsembe mu 1937, ndipo ine sibwenzi ndikulemba mu magazini ya seminale.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si anzanga otsutsawo. Ndi anthu amene amavomera msanga. Kwathu ndi ku Kameza, pamene msewu wa ku Chileka umapatukana ndi wa ku Lunzu, ndipo ndege timaziona zikutsika ndi kunyamuka. Kwa anthu ambiri kumeneko, wokwera ndege ndiye kuti walemera. Mwana akati akufuna kulowa chipani cha amishonale, achibale ena amayamba kuwerengera malata ndi matumba a simenti, ngati kuti akupita ku Joni kukagwira ntchito. Makolo athu okondedwa, pepani, kumeneko n'kumusenzetsa mwana katundu amene sangamuthe. Wansembe wa chipani amachita malumbiro a umphawi, ndipo ndalama imene walandira ndi ya gulu lonse. Mukamutumizira mauthenga a mavuto a feteleza mwezi ndi mwezi, mumuika pakati pa malumbiro ake ndi misozi ya mayi ake.

Moyo wa mmishonale wachinyamata ndi wotani tsono? Choyamba amasanduka mwana. Munthu amene wawerenga filosofi ndi teoloje zaka zambiri amafika pamalo pamene sangathe kufunsa mtengo wa tomato. Ana amamuseka akalonjera molakwa. Ulaliki wa mphindi zisanu amaukonza sabata yathunthu mothandizidwa ndi akatekisi, ndipo pa Lamulungu amauwerenga akutuluka thukuta, osadziwa ngati anthu akumwetulira chifukwa amva kapena chifukwa wanena mawu olaula mosadziwa. Nsima palibe. Amadya chimene eni dziko akudya, poti kwa eni kulibe mkuwe. Amadzuka m'mamawa kuchita mapemphero ndi anzake a m'nyumba, amene mwina wina ndi wa ku Italy, wina wa ku Mexico, wina wa ku Congo, aliyense ndi mtima wake ndi kaphikidwe kake. Kenaka ndi ulendo wa kwa odwala, galimoto yotitimira m'matope, kaundula wa ubatizo. Kumudzi kukagwa maliro, nthawi zambiri amawamva pa foni ndipo amalira yekha m'tchalitchi. Apa m'pamene chikhulupiriro chimayesedwa, pakuti palibe kwaya ya kwanu yoti ikunyamule mtima. Umangotsala iwe, korona ndi tabernakulo.

Daniel Comboni Woyera, amene ansembe a chipani chake timawadziwa ku Lunzu, anapita ku Sudan koyamba mu 1857 ali ndi zaka 26. Ena mwa anzake a paulendowo anafera komweko, iye anabwerera kwawo akudwala, koma anapitanso, ndipo anamwalira ku Khartoum mu 1881. Maganizo ake anali akuti Africa apulumutsidwe ndi anthu a mu Africa momwemo. Bambo Claude Boucher a ku Canada anafika kuno mu 1967 asanakwanitse zaka 30. Anaphunzira chilankhulo ndi miyambo yathu mpaka anthu anawatcha Achisale, ndipo mu 1976 anayambitsa malo a Kungoni ku Mua. Taonani, iwowa sanabwere kudzangophunzitsa. Anayamba akhala pansi kumvera akuluakulu a kumudzi.

Nanga akapita, ife titaya? Ambuye Thomas Luke Msusa, a chipani cha Montfort, anali pa utumiki ku Nairobi pamene anasankhidwa kukhala episkopi wa Zomba mu 2003, ndipo mu 2013 anasankhidwa kukhala Arkiepiskopi wa Blantyre. Kenya sinatilande munthu. Ndiponso nkhaniyi si ya a zipani okha. Mu 1957 Papa Pius XII analemba kalata yotchedwa Fidei Donum yopempha maepiskopi kuti azibwereketsa ansembe awo a dayosizi ku mayiko osowa, makamaka a mu Africa, ndipo mu 1969 ku Kampala Papa Paulo VI anauza Aafrika kuti tsopano akhale amishonale a iwo eni. Papita zaka zoposa 50 chinenedwere mawu amenewo.

Tsono kwa ife anzanga a pa seminale. Ambiri timakweza dzanja akafunsa amene angakonde kukatumikira kunja, koma nyemba zikabwera masiku atatu otsatizana timang'ung'udza ngati tagwiriridwa ufiti. Mnzathu akalankhula Chilomwe kapena Chisena timamuseka, pamene tikanamupempha kuti atiphunzitse kulonjera ndi kuthokoza. Phunziro la chilankhulo chachilendo timalitenga ngati chilango. Ine ndikupempha a Rector kuti Lamulungu la Mishoni la mu Okutobala lisamangotha ndi chopereka chachiwiri. Atiitanire wansembe kapena sisitere wa ku Malawi amene wakhalapo kunja adzatiuze zoona zake, za malungo ndi za kusungulumwa zomwe, ndipo makolo athu adzakhalepo tsiku limenelo kuti adzamve ndi makutu awo.