Wosintha adiresi asayambirenso moni

Makompyuta awiri akafuna kulankhulana pa intaneti amayamba ndi moni wa magawo atatu, wosasiyana kwenikweni ndi wa anthu: wina amafunsa za moyo, mnzake amayankha nabweza funso, woyambayo nayankhanso. M'ndondomeko ya TCP, imene maziko ake anaikidwa ndi Vint Cerf ndi Bob Kahn mu 1974 ndipo inalembedwa mwatsatanetsatane m'chikalata cha RFC 793 mu 1981, mauthenga atatuwa amatchedwa SYN, SYN-ACK ndi ACK. Foni imatumiza SYN pamodzi ndi nambala imene iyambirepo kuwerenga zotumiza zake. Seva imavomera nambalayo, nitchula yakeyake, kenaka foni imavomera ya sevayo. Kuyambira pamenepo mbali iliyonse imadziwa chimene chafika, chimene chatayika panjira, ndi choyenera kutumizanso.

Moni ukatha, makina onse awiri amasunga kaundula wa kulumikizanako, ndipo amakuzindikira ndi zinthu zinayi: adiresi ya IP ya foni, port yake, adiresi ya seva, ndi port ya sevayo, monga 443 ya masamba otetezedwa. Chimodzi mwa izi chikangosintha, TCP imamuona wolankhulayo ngati mlendo amene sanaodire.

Nzeru imeneyi inali yokwanira mu 1981, pamene kompyuta inkakhala pamalo amodzi, yomangika kuchingwe. Lero makina ambiri ali m'thumba. Munthu akatuluka m'nyumba, foni imasiya Wi-Fi nkulowa pa netiweki ya kampani ya mafoni, adiresi nkusintha. Wamalonda wowoloka malire kuchoka ku Mchinji kupita ku Chipata akasintha simu, adiresi imasinthanso. Zikatero kulumikizana kwakale kumafa, ndipo moni umayambira poyamba.

Moniwo uli ndi mtengo. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'chingwe cha faiba, choncho seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 10,000, ulendo wopita ndi kubwerera sungachepere gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. TCP imadya ulendo umodzi wotere, ndipo TLS 1.3, imene imabisa zolankhulana, imadyanso wina, chithunzi chisanayambe nkomwe kubwera. Wokhala pafupi ndi seva sazimva izi. Wozimva ndi wakutali, monga mayi wa ku Tete amene akutsegula tsamba losungidwa ku London.

Nchifukwa chake ndondomeko ya QUIC ndi yoyenera kupatsidwa njira. Inayambira ku Google, ndipo bungwe la IETF linaikhazikitsa mu Meyi 2021 m'chikalata cha RFC 9000. HTTP/3 imayenda pa iyo. QUIC imaphatikiza moni ndi kugwirizana za makiyi mu ulendo umodzi. Imapatsanso kulumikizana kulikonse nambala yakeyake yosadalira adiresi, kotero kuti foni ikasamuka, seva yolola kusamukaku imangoyesa njira yatsopanoyo ndi funso lalifupi, nkhani nkupitirira pamene inalekera.

Komabe m'maofesi ndi m'masukulu ena, oyang'anira netiweki amatseka port 443 ya UDP, imene QUIC imadzera. Zifukwa zawo si zachibwana. Firewall inazolowera kulondola kulumikizana poona SYN poyamba ndi FIN pomaliza, pamene QUIC imabisa zambiri zotere. Amakumbukiranso kuti moni ungasanduke chida. Mu 1996 kampani ya Panix ya ku New York inasefukiridwa ndi ma SYN abodza mpaka kaundula wake anadzaza, ndipo njira ya SYN cookies ya Daniel J. Bernstein inabadwa m'chaka chomwecho poyankha vuto lotere.

Mantha amenewa ali ndi mayankho. Olemba QUIC anaphunzirapo kanthu pa mbiriyi: seva ikhoza kubweza chizindikiro choti foni ibwere nacho isanailembe m'kaundula, ndipo siloledwa kutumiza zoposa katatu zimene yalandira kwa adiresi yosatsimikizika. Dzina la tsamba limene munthu akufuna nalo limawerengekabe mu uthenga woyamba nthawi zambiri, choncho wofuna kuletsa masamba ena akhoza kutero popanda kutseka khomo lonse.

Chobisa kuipa kwa kutsekaku nchakuti palibe chimene chimaoneka kuti chawonongeka. Foni ikakanizidwa QUIC imabwerera mwakachetechete ku TCP, tsamba nkutseguka ndithu, koma mochedwerapo, ndipo wogwiritsa ntchito amangodandaula kuti netiweki yavuta. Amene amalipira kwambiri ndi yemwe ali kutali ndi ma seva. Woyang'anira netiweki aliyense m'chigawo chino ayenera kuyang'ananso malamulo a firewall yake, ndipo ngati port 443 ya UDP inatsekedwa mwa chizolowezi chabe, aitsegule.